Kaadaputa ka Lachisanu Masana

Ndili Fomu 2, madamu a kwaya ya pasukulu pathu anandiuza kuti ndikapitiriza kulowa mochedwa m'nyimbo, sindidzaimba nawo pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4. Sanakalipe. Ananena akutseka fayilo yawo kuti mawu ndili nawo abwino, koma kwangotsala masabata awiri. Nditafika kunyumba ndinalemba zimenezi m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, ndi kudula mzere kunsi kwake.

Vuto linali pamalo amodzi okha. Pakati pa nyimboyo kwaya yonse imakhala chete pang'ono, kenako ife a aluto timayamba tokha. Palibe wowerengera, ndipo madamu sakweza dzanja. Anzanga ankalowa pamodzi ngati munthu mmodzi, ine ndinkabwera m'mbuyo mwawo, aliyense akumva. Ndinkachita manyazi kufunsa kuti amadziwira chiyani. Mtsikana wa Fomu 4 amene ankatsogolera aluto ndiye anandinong'oneza tikutuluka: "Iwe, usamayang'ane madamu. Uzimvetsera ine ndikamakoka mpweya."

Ndinayesa, koma pa pulakatisi mtima unkandigunda m'makutu, osamva kanthu. Ndinafunika kuuzolowera mpweyawo ndili ndekha. Mwayi unalipo, chifukwa madamu anali atajambula nyimboyo, foni ataiika pa desiki pafupi ndi aluto, ndi kutumizira makolo athu.

Kunyumba kwathu ku Masasa foni inali ya adada, ndipo inali ya masiku ano, yopanda kabowo ka mahedifoni. Mahedifoni tinali nawo, aakulu ophimba makutu, amene anasiya amalume a ku Nkhata Bay. Adada anagula kaadaputa koyera kwa wogulitsa pamsewu kuti tilumikizire ziwirizi. Kankagwira ntchito, koma pansi pa nyimbo pankamveka kaphokoso kosatha, ngati mvula yowaza pa malata. Kwaya ikamaimba sikankavuta. Pamalo achete aja, kaphokosoko ndiko kankatsala kokha.

Adada anati mahedifoniwo ndi okalamba. Sindinawatsutse, ndinangokawalumikiza ku wailesi ya pabalaza, ndipo anamveka bwinobwino. Ndinakumbukanso zimene tinaphunzira m'kalasi, kuti nyimbo ikakhala m'foni imakhala manambala, ndipo pamafunika kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu. Pa foni ya adada, ntchito imeneyo inali m'kaadaputa. Ndi chimene amalemba kuti DAC pa mapaketi. Ndinawafotokozera adada pang'onopang'ono kuti vuto ndi kaadaputako, ndikuyang'ana pansi, koma ndinali wotsimikiza. Anaseka, nandipatsa foni ndi ndalama, nati ndikasankhe ndekha, koma ndidziwe kuti ndikalakwitsa sagulanso kachitatu.

Lachitatu poweruka ndinapita ku mzere wa timasitolo ta mafoni pafupi ndi msika. Sitolo iliyonse inali ndi sipika yake pakhomo, ndipo zonse zinkalira nthawi imodzi. Ndinalowa mwa amayi ena ovala mpango wophimba mutu ndi khosi, poona kuti munalibe anthu. Ndinawapatsa moni wa Chitumbuka, iwo anayankha m'Chichewa cha kummwera. Pambuyo pake anandiuza kuti kwawo ndi ku Mangochi.

Anandiyalira timaadaputa titatu pa galasi. Koyamba kanali koyera, kotchipa ngati kanga. Kachiwiri kanali kagolide, ka chingwe choluka, m'kabokosi kokongola, ndipo kanali kodula kuposa tonse. Kachitatu kanali kakuda, m'kapulasitiki wamba, mtengo wake wapakati. Anandiikira nyimbo ya besi yambiri, nakweza voliyumu, ndi kumandisinthira. Timaadaputa tonse tinamveka chimodzimodzi. Anati kagolide ndiko kamene anthu amakonda, ndipo ndalama zanga zikanakwanira ndithu. Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ine ndimavomera msanga pofuna kuti nkhani ithe. Koma ndinakumbukira mzere uja m'kabuku kanga, ndipo ndinanena kuti ndikufuna kumva momwe kamakhalira nyimbo ikasiya.

Anandiyang'ana modabwa. "Chemwali, anzanu amagula kuti amve nyimbo. Inu mwabwera kudzagula chete?"

Ndinawafotokozera za kwaya, za malo achete, ndi za mpweya wa mtsikana uja. Ndinkayembekezera kuti aseka. Anangosuzumira panja, ku masipika aja, nati lero sizingatheke ngakhale atazimitsa yawo. Ndibwere Lachisanu dzuwa likapendeka pang'ono, azibambo a mzere wonsewo akapita ku mzikiti. Nthawi imeneyo zitseko zimatsekedwa, masipika amazima, ndipo iwo amatsala akuyang'anira sitolo.

Lachisanu timaweruka msanga. Kunali chifunga ndi kuzizira kwa ku Mzuzu kuno, kumene kumalowa m'juzi. Nditafika pa mzere uja ndinadabwa kumva mapazi anga. Amayi aja anandikhazika pa kampando kuseri kwa kauntala, nandiuza kuti nditsinzine. Anati maso anga aona kale golide, ndiye aziika okha timaadaputato, ine ndizingonena chimene ndamva.

Ndinasunthira nyimbo pafupi ndi malo achete, ndi kutsinzina. Poyamba inabwera mvula ija ya pa malata, ndipo ndinapukusa mutu. Atasintha, mawu anamveka amphamvu, kaphokoso kanachepa koma kanalipobe, ndipo iwo akakhudza chingwe ndinkamva kuthetheka kumanzere. Ndinapempha kuti abwereze, ndinamvanso zomwezo. Atasinthanso, kwaya inaimba, inasiya, ndipo kunakhala zii. M'mahedifonimo ndinamva benchi ikulira. Kenako wina anakoka mpweya, mwachidule, kudzera m'kamwa, ndipo aluto analowa.

Ndinatsegula maso. Pa foni panali kakuda kaja.

Sindinafulumire. Ndinagwedeza chingwe, osathetheka. Ndinaona kuti voliyumu ili pakati chabe koma mahedifoni aakulu aja akumveka mokwanira. Amayiwo anafuna kumva nawo, anavala mahedifoni pamwamba pa mpango, ndipo ndinawabwezera nyimbo kawiri. Kachiwiriko anakweza chala.

"Ndamumva mtsikana wanuyo. Mwandidyetsa losi, chemwali, ndimati lero ndigulitsa kagolide."

Ndinawathokoza kuti yewo chomene, iwo nati ndidzabwere kudzawauza ngati ndaimba. Ndikutuluka, azibambo anali akubwerera, ndipo sipika yoyamba inayamba kulira ndisanafike pamsewu.

Masiku otsatira ndinkamvetsera malo amenewo ndikangofika kunyumba, adada akapumitsa foni. Ndinapeza kuti mtsikanayo sakoka mpweya kwaya ikangosiya. Amadikira kaye, ndipo mpweyawo ndi waufupi kuposa momwe ndinkaganizira. Ine ndinkakoka wautali, nchifukwa chake ndinkachedwa. Ndinayamba kupuma naye limodzi, poyamba osaimba, kenako ndikuimba motsitsa, nditakhala pa bedi.

Pa pulakatisi yomaliza mtima unagundabe. Mpweya wake m'holo unali wapansi kuposa wa m'mahedifoni, koma ndinali nditaudziwa, ndipo ndinaumva. Tinalowa tonse. Madamu sanaimitse nyimbo, sanandiyang'ane n'komwe, ndipo powerenga mayina a oimba anatchula langa pamalo ake. Tsiku lotsanzikana ndinaima mzere wachiwiri, kumbuyo kwa phewa la mtsikana uja.

Lachisanu lotsatira ndinadutsa pa sitolo paja masipika atazima. Amayi aja anali ndi kasitomala, bambo wina wovala mahedifoni, atatsinzina. Anandifunsa ndi maso okha, ine ndinagwedeza mutu kuti ndinaimba.