Bwato la a Pius Pansi pa Nimu

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kuluma, apongozi anga a Pius ankathirira bwato. Anthu ena amathirira mpiru ndi tomato, iwo ankathirira bwato. Linkakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba yawo, kutali ndi mtsinje, litasanjikidwa pa zipika ziwiri. Ine ndinkabwera ndi ndowa kuchokera ku mjigo n'kuitula pafupi. Iwo ankatenga chikho chawo chobenthuka, n'kumathira pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kumchira, uku akusisita ndi chikhatho ngati mmene ndimamusambitsira mwana wanga Glory. Akamaliza ankathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, amake Glory." Mawu athu a tsiku lonse ankathera pomwepo.

Sikuti tinkadana ayi. Kwathu kuno mpongozi sacheza ndi apongozi aamuna ngati mnzake wa ku mjigo, komanso ine manyazi ndinabadwa nawo. Ndinakwatiwa kuno ku Makhanga ndi mwana wawo Ernest, amene amadula nzimbe ku Nchalo ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Choncho madzi, phala ndi zochapa za apongozi zinali m'manja mwanga.

Mbiri yawo ndinkaimva kwa anthu ena. A Pius anali msodzi. Bwatolo anasema okha kuchokera ku mtengo wa mtondo chaka chomwe Ernest anabadwa, malemu akazi awo a Otilia akuwapititsira thobwa kuthengo komweko ali ndi pathupi. Ankalitchula m'Chisena kuti mwadiya. Chaka cha madzi aakulu linanyamula anthu, mbuzi, ngakhale makina osokera a telala wina amene anakana kukwera popanda makinawo. Nkhani ya telalayo ndi yokhayo imene ankaifotokoza okha, akuseka mpaka kutsokomola.

Maso awo atachita ng'ala ndi miyendo kuyamba kutupa, anyamata analikweza pa ngolo n'kudzalitula pakhomo. Wina anabwera kudzalipempha kuti likhale modyera nkhumba. Anamuyang'ana ndi maso awo oyerawo mpaka munthuyo anatsanzika yekha.

"Mwadiya ukauma umang'aluka," anauza Ernest tsiku lina ine ndikupeta mapira chapafupi. "Ukang'aluka ndi nkhuni basi. Uwu udzabwerera m'madzi ine ndisanagone."

"Adzapalase ndani, bambo? Ine nkhafi sindiidziwa."

"Amene adzapalase adzapalasa."

Chomwe ankadzukira m'mawa chinali chimenecho.

Kusukulu yathu ya pulayimale kuli Madamu Linda, a sitandade seveni. Kwawo ndi kumtunda, ku Thyolo kozizira, ndipo sayenda opanda kansalu kopukutira thukuta. Chaka chatha anapita ndi aphunzitsi anzawo ku wekishopu ku boma. Atabwerako anaitanitsa makolo. Ine ndinapita m'malo mwa apongozi, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Anafotokoza kuti ana aziphunziranso potumikira mudzi. Lachisanu lililonse akaweruka azipita kukagwira ntchito yothandiza anthu, zimene aphunzira m'kalasi azikazichita ndi manja, ndipo zimene achita ndi manja azikazilemba m'kalasi.

"Tinawatumiza kukaphunzira kapena kukasesa?" anafunsa bambo wina.

"Zonse ziwiri," anatero Madamu. "Tsache silinamulepheretsepo munthu mayeso."

Anthu anaseka, nkhani n'kudutsa. A komiti ya sukulu anasankha makomo a okalamba, ndipo khomo la a Pius linali limodzi mwa iwo.

Lachisanu loyamba anabwera ana ngati gulu la mpheta. Apongozi anavala malaya awo a kutchalitchi n'kukhala pa mpando wa ndalema. Mwana aliyense ankamufunsa kuti, "Ndiwe wa kwa yani?" Akayankha, iwo ankati, "Agogo ako ndinawaolotsapo ine, ankalira ngati mbuzi." Tsiku limenelo anadya bwino kuposa masiku onse.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poti nkhuku zimayenda zitayasamula, apongozi anadwala. Tinapita kuchipatala ndipo anawagoneka. Ine ndinakhala gadiyani, Glory ali nane. Za bwato ndinapempha mayi wina woyandikana nafe kuti azilithira madzi.

Titatuluka tinabwera pa kabaza. Tinapeza pakhomo posesedwa bwino, udzu wodulidwa, nkhuni zoyalidwa pakhonde, zitini zonse ndi zigoba za matayala zitachotsedwa. Apongozi asanalowe n'komwe m'nyumba anatenga ndodo n'kulunjika ku nimu. Ndodo inagunda zipika zokhazokha.

Bwato linali uko pabwalo, padzuwa penipeni, litagonekedwa chafufumimba.

Mayi woyandikana nafe uja anafotokoza. Teremu imeneyo ana ankaphunzira za malungo, ndipo ntchito yawo inali kuchotsa madzi odikha m'makomo. Anapeza m'bwato muli madzi, m'madzimo muli timphutsi ta udzudzu tikuvina. Anakhuthula, n'kukokera bwato padzuwa kuti liume bwinobwino. Ankafuna kuti agogo akabwera adzasangalale. Mayiyo ataona kuti ndi za sukulu, anaopa kulowererapo. Anawo mabwato amawadziwa, ambiri ndi ana a asodzi, koma amene amawadziwa ndi okhala mumtsinje. Bwato lothiriridwa ngati dimba anali asanalionepo.

Ndinawatsogolera apongozi pomwe linali. Anagwada movutikira n'kuyendetsa dzanja pamimba pa bwatolo. Dzanja linaima. Panali mng'alu wautali kuposa mkono wanga, woti chala cha Glory n'kulowamo. Anauyenda ndi chala kuchoka uku kufika uko, n'kubwereranso. Anapempha kuti ndiwathandize kuimirira, n'kukagona.

M'mawa mwake ndinabweretsa ndowa monga mwa masiku onse. Sanatuluke. Phala analisiya litachita khungu pamwamba. Tsiku linalo chimodzimodzi. Chikho chija chinangokhala pa chipika, nyerere zikuyendamo.

Lachisanu Madamu anafika ndi ana, akumwetulira kuyambira kumsewu. Ndinawachingamira asanafike pakhomo. Ine ndinalekeza sitandade sikisi ndipo mphunzitsi ndimamuopabe mpaka lero.

"Madamu, pepani. Bwato lija limathiriridwa dala."

"Dala?"

"Kuti lisang'aluke. Ndiye lang'aluka."

Anapita kukaona. Anaima nthawi yaitali, kansalu kaja kali m'manja osapukuta nako. Kenako anavula nsapato pakhonde, n'kugwada pakhomo pa chipinda cha apongozi.

"Odi, agogo. Ndine Linda wa kusukulu. Talakwa. Ku wekishopu anatiuza kuti tizifunsa kaye eni khomo, koma ine ndinathamangira kuti mudzapeze zonse zatha."

Mkati tinamva mphasa ikulira, kenako mawu a apongozi.

"Timphutsito munatipeza?"

"Tinatipeza, agogo. Tambiri."

"Ndiye ine ndimaweta udzudzu."

Mtsikana wina dzina lake Juliana analephera kudzigwira, anaseka n'kubisa nkhope m'diresi. Apongozi anatuluka akugwira khoma.

"Waseka ndani? Wa kwa yani ameneyo?"

"Wa kwa a Lorenso, agogo."

"Lorenso wa mwadiya wokhota uja? Ukawauze abambo ako kuti Pius akuwafuna. Abwere ndi phula."

Madamu anafunsa ngati bwato lingakonzeke. Apongozi anati sakudziwa, mtengo wakalamba ngati mwini wake, ndipo manja awo sangathenso kugwira hamala. Madamu anati manja alipo, n'kuloza ana aja.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linakhala tsiku la bwato. Analibwezera pansi pa nimu. A Lorenso, amene ndi msodzi komanso ali mu komiti ya sukulu, anabwera ndi phula m'chitini. Ana anatolera nsanza za ziguduli, timisomali ndi chidutswa cha lata. Ankapota nsanza, kuziviika m'phula lotentha, n'kumazikanikizira mumng'alu ndi kampeni kobuntha. Apongozi ankakhala pambali akupapasa ndi chala.

"Apa wanyengerera iwe. Kanikiza ngati ukutseka pakamwa pa mlamu wako."

Madamu nawo sankangoonerera. Anawayezetsa ana mng'aluwo ndi rula, anawawerengetsa ndowa zodzaza bwato, ndipo ankati zonsezo zikalowa m'masamu Lolemba. Tsiku lina phula linawadonthera pa chitenje chatsopano. A Lorenso anati, "Basi Madamu, mwabatizidwa, ndinu a kuchigwa tsopano."

Atakhomera lata anathira madzi kuti ayese. Tonse tinawerama kuyang'ana pansi pa bwato. Dontho linatuluka, kenako lina, kenako kamzere. Ana anakhumudwa. Apongozi anamva kudontha kwake pa dothi ndipo anangoti, "Mtengo uli ndi ludzu. Ukamwa udzatupa, udzatseka wokha. Koma uzimwa tsiku lililonse."

"Nanga udzudzu?" anafunsa Juliana.

Apongozi anatembenukira komwe kunali Madamu. "Eni udzudzu ayankhe."

Madamu anati mazira a udzudzu safika pouluka tsiku limodzi, amafuna madzi ogonera masiku angapo. Madzi akamachotsedwa tsiku lomwelo palibe chimene chingaswe. Anagwirizana pomwepo: kuthira m'mawa, kukapa madzulo. Ana awiri ankadzera pakhomo popita kusukulu, ena awiri dzuwa likapendeka, ndipo madzi okapidwawo ankathirira timitengo ta nimu timene anabzala m'mbali mwa bwalo. Chikho chinabwerera m'manja mwa mwini wake. Phala linayambanso kutha m'mbale.

Pofika Khirisimasi pansi pa bwato panali pouma.

Mvula inabwera mu Januwale, dambo la pakati pa sukulu ndi midzi ya kutsidya linadzaza monga limachitira chaka chilichonse. Ana aang'ono a kutsidyako anasiya kubwera kusukulu. Apongozi anamva zimenezi kwa Juliana, ndipo anaitanitsa Madamu ndi a Lorenso.

"Mwadiya uwu ndaupereka kusukulu. Lorenso, uzipalasa iwe kapena munthu wamkulu amene umukhulupirira. Mwana asagwire nkhafi. Ndipo usadzaze ngati matumba a makala."

Tsiku lolinyamula, miyendo yawo inali itatupa moti sakanatha kufika ngakhale kumsewu. Anawatulutsira pa mpando wa ndalema. Ngolo isananyamuke anapempha kuti aligwire, ndipo analisisita kuyambira kumutu mpaka pomwe dzanja linalekeza. Kenako anandiitana.

"Amake Glory, maso anga ndinu. Mukakwere ulendo woyamba, inu ndi mwanayo. Muvule nsapato."

Ine madzi ndimawaopa, koma ndinapita. A Lorenso anayamba alizungulitsa okha kaye, kenako anatikweza. Ndinakhala pansi penipeni nditamukumbatira Glory, maso anga ali pa lata lija. Bwato linagwedezeka kamodzi, kenako linayamba kuyenda mosalala pakati pa mabango. Kutsidya tinapeza tiana tatatu titanyamula makope m'mapepala a shuga. Tinabwerera nato, ana a sitandade seveni akuimba m'mphepete.

Nditafika kunyumba ndinawapeza ali pomwe tinawasiya.

"Layenda, bambo."

"Bweretsani mwanayo."

Ndinamuika Glory pamiyendo pawo. Anagwira timapazi take, anapapasa kansalu kake kumunsi, kenako anafunsa ngati chitenje changa chanyowa pomwe ndinakhalira. Ndinati ayi. Anapumira m'mwamba n'kutsamira mpando. Tsiku limenelo anandifotokozera za a Otilia, mmene ankakhalira kutsogolo kwa bwato atafunda nsalu kumutu poopa dzuwa, ndi mmene ankawakalipira akapalasa mothamanga. Ndinakhala pansi chapatali ndithu monga mwa mwambo, koma tinacheza mpaka mthunzi wa nimu unafika pakhonde.

Anatisiya mu Malichi, madzi asanaphwe. Ana a sitandade seveni anabwera kumaliro ndi yunifomu, anatunga madzi ndi kutola nkhuni osatumidwa ndi munthu. Lero bwato lili kusukulu, pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi, kudikira mvula ina. Chikho chobenthuka chija ndinakapereka ndekha kwa Madamu.

Dzulo lake la tsiku lomwe anamwalira, Ernest anali atafika ndipo anakhala nawo pamphasa. Ine ndinabweretsa phala, koma anapukusa mutu. Ndikutembenuka kuti ndituluke, anandiitana ndi mawu otsika.

"Amake Glory, madzi akaphwa mukawakumbutse ana aja. Aliike pamthunzi. Azithira m'mawa, azikapa madzulo."