Tsiku Limene Ndinafufuta Nyimbo za Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chomwe mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo banja lathu lonse, anthu asanu ndi mmodzi, tinkadya kuchokera m'kompyuta imodzi yakale. Ababa anali ndi kabenchi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera maminibasi pa Liwonde. Ntchito yawo inali yoikira anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mamemore khadi, yomwe tonse tinkangoti kubena. Ine ndinali woyamba kubadwa, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pabenchipo mpaka dzuwa kupendeka. Manja anga anali achangu kuposa a ababa, ndipo zimenezo ndinkazidziwa mopitirira muyeso.

Kompyutayo inkayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Chaka cham'mbuyo mwake, mavairasi obwera ndi makhadi a makasitomala anali atatsala pang'ono kutigwetsa, ndiye msuweni wanga Yusufu, yemwe ankakonza makompyuta ku Balaka, anabwera ndi zimbale ziwiri. Anati Linux ndi waulere ndipo mavairasi aja samuvutitsa, koma alipo wamitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nkhope yake, kutanthauza momwe zinthu zimaonekera ndi kusanjidwira pasikirini. Anationetsa mitundu iwiriyo pa laputopu yake. Woyamba unali wonyezimira, mawindo ake akugwedera ukawakoka, zithunzi zikutembenuka zokha. Wachiwiri unali wotuwa, wopanda chokometsera chilichonse kupatula chithunzi cha kambewa pakona.

"Makina angawa angathe uti?" anafunsa ababa.

"Amalume, wokongolawu umafuna makina amphamvu. Anuwa ndi nkhalamba. Wakambewawu ndiye ungayende bwino."

"Ika wakambewawo basi."

Anasankha osandiyang'ana n'komwe, pomwe ine maso anali atatsalira pa wonyezimira uja. Yusufu anayamba wasamutsira nyimbo zonse m'kachipangizo kake kosungiramo zinthu, ntchito yomwe inatenga theka la tsiku ndipo ine ndinkaiona yotopetsa, kenako n'kuika wakambewawo, n'kubwezeramo nyimbo zija. Chimbale chinacho anachisiya m'katoni pansi pa benchi.

Njala itafika pachimake, makasitomala anayamba kusowa. Munthu amene wagonera madeya saganiza za nyimbo. Amene anatsala odalirika anali a Twaibu, ogulitsa nsomba zouma ochokera kunyanja ya Chiuta. Loweruka lililonse ankabwera ndi makhadi a asodzi akumeneko atawakulunga m'kajumbo, ndipo ankalipira ndi mpukutu wa matemba, nthawi zina kuwonjezerapo mbale ya mpunga. Matembawo amayi ankawagawa pawiri: ena ndiwo, ena n'kukasinthitsa ndi ufa. Mpukutu umenewo ndi umene unkatiwolotsa kuchoka Loweruka lina kufika linzake. Ndipo a Twaibu sankabwera chifukwa chotimvera chisoni. Ababa anali ndi nyimbo zomwe wina aliyense pa Liwonde analibe: zachiyao zakale, makaswida achisilamu, manganje, ndi zina zomwe anajambula okha m'maukwati pa zaka zisanu ndi chimodzi.

Koma ine ndinkayang'ana kutsidya kwa msewu. Kumeneko kunali a Sailesi, obena anzathu, okhala ndi kompyuta yatsopano ya sikirini yaikulu yowala. Anyamata ankaunjikana pamenepo tsiku lonse. Sindinadzifunse ngati ankagula kanthu kapena ankangoonerera. Mnzanga wina kusukulu ataseka kuti kompyuta yakwathu ikuoneka ngati ikudwala, mutu wanga unamaliza nkhani: anthu akutithawa chifukwa cha kunyasa kwa sikirini yathu, ndipo ababa ndi okalamba, sangaone zimenezo.

Lachinayi lina kunamveka kuti kudepoti ya ku Balaka kwafika chimanga. Ababa ananyamuka mamawa ndi thumba lopanda kanthu, akudziwa kuti pamzere akhoza kukhalapo masiku awiri.

"Patuma, usasinthe kanthu pamenepo," anatero. "A Twaibu abwera Loweruka."

Sindinapite kusukulu. Ndinatulutsa chimbale chija m'katoni, ndinachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchilowetsa. Ndinkadina monga ndinaonera Yusufu akudina. Kenako panabwera chenjezo la m'Chingerezi lonena kuti zonse zomwe zili m'kompyutamo zifufutidwa. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti sindinamve, koma limenelo linali bodza. Pa Chingerezi ndinali nambala wani m'kalasi mwathu. Ndinawerenga, ndinamva, ndipo ndinadzinamiza kuti akunena za nkhope yakale yokha, chifukwa mtima wanga unali utaona kale ababa akundiyamikira pamaso pa anthu. Ndinadina kuti ipitirize.

Itamaliza, sikirini inawala mpaka mayi wogulitsa mango pambali panga anatembenuka. Ndinamva kukoma kwa mphindi zochepa chabe. Kenako kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, ndipo ndikadina chinthu ndinkatha kupita kumpopi n'kubwerera chisanatseguke. Ndinapita pomwe pankakhala nyimbo. Panalibe kanthu. Ndinafufuza paliponse, Lachinayi lonselo ndi Lachisanu lomwe, thukuta likuyenderera kumsana. Amayi sindinawauze.

Ababa anafika Loweruka m'mawa, mapazi atatupa, atasenza chimanga chosafika n'theka la thumba. Asanamwe ndi madzi omwe, a Twaibu anatulukira n'kuika mpukutu wawo pabenchi. Fungo la matemba aja ndimalimvabe mpaka lero.

"Achimwene, makhadi ndi awa," anatero a Twaibu. "Anyamata akuti muikemo zachiyao zija, zomwe munatipatsa mwezi watha zawapengetsa."

Ababa anakhala pampando, n'kuyang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Patuma, ichi n'chiyani?"

"Ndimafuna ikongole, ababa. Ngati ya a Sailesi."

"Nanga nyimbo zili kuti?"

Ababa anadina apa, anadikira, anadina apo, anadikiranso. A Twaibu anaima chilili, dzanja lili pampukutu, akuyang'ana pansi. Anali munthu wabwino, ndipo ndikudziwa kuti zinawapweteka, koma nsombazo zinali za eni makhadi.

"Pepani achimwene, inenso ndangotumidwa," anatero motsitsa mawu. Ananyamula mpukutuwo n'kuwoloka msewu, ife tikuwaona.

Ndinadikira mbama. Ndinkaifuna, kunena zoona, chifukwa mbama imatha. Koma ababa anangokoka windo limodzi, n'kuliona likugwedera pang'onopang'ono.

"Yakongoladi," anatero. Kenako anazimitsa kompyuta, anasenzanso chimanga chija, n'kumapita kunyumba.

Yusufu anabwera patapita masiku atatu. Anayesetsa, koma anati chatsopanocho chinali chitalemba pamwamba pa zakale, ndipo zomwe anasunga m'kachipangizo kake chaka chatha anali atazifufuta kalekale kuti aikemo za makasitomala ena. Anabwezeretsa wakambewa uja, kompyuta n'kuyambanso kuthamanga, koma inkathamanga yopanda kanthu. Ababa anapemphetsa nyimbo kwa anzawo, n'kupeza zomwezo zomwe aliyense anali nazo. A Twaibu sanabwerenso. Mwezi usanathe, kompyutayo inagulitsidwa, ababa n'kupita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga kwa Mposa. Anabwerako ataonda ndiponso akutsokomola, ndipo ntchito yobena sanaibwererenso. A Sailesi nawo anatseka pasanapite nthawi, pamodzi ndi sikirini yawo yowala, chifukwa anyamata aja ankangoonerera.

Lero ndine amene ndimaikira anthu Linux m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono ku Balaka. Wina akandiuza kuti akufuna wokongola, ndimayamba ndafunsa kuti makina ake ali ndi mphamvu yotani, akufuna kugwirira ntchito yanji, ndipo muli chiyani chomwe sangachipezenso kwina. Ena amati ndine wovuta. Sindiwatsutsa. Ndikumvetsa tsopano kuti ababa sanasankhe wotuwa uja chifukwa chosadziwa chokongola. Anachiona ngati momwe ndinachionera ine, koma iwo anafunsa kaye zomwe makina awo akanatha kusenza, pomwe ine ndinafunsa zomwe anthu akutsidya kwa msewu anganene.

Kumvetsa kumeneku sikunditonthoza, ndipo sindikhulupirira amene amati phunziro limabweza zomwe linadya. Nditalandira malipiro anga oyamba ooneka, ndinawagulira ababa kompyuta yabwino, n'kuwapititsira ku Liwonde nditaikulunga m'nsalu. Anaisisita pamwamba, anandithokoza mwaulemu ngati mlendo, kenako anaikankhira pang'ono kwa ine.

"Zikomo mwanangu," anatero. "Koma ndiikemo chiyani?"

Ndinabwerera nayo ku Balaka pa minibasi, nditaiika pamiyendo.