Amayi afukula chule wa Tadala

Mwaswera bwanji nonse? Imvani zachitika kuno ku South Bend lero.

Mukudziwa kuti mwana wanga Tadala amaweta chule. Kukayamba kuzizira, chuleyo amadzikwirira m'dothi n'kugona miyezi osadya. Ndiye tinamuika m'bokosi ku galaja, m'dothi losakaniza ndi masamba ouma. Tadala amaliwaza timadzi kuti lisaume, komanso lisasanduke matope.

Amayi, omwe abwera dzana kuchokera ku Indianapolis, aona dothi lakuda lachinyezi likungokhala. Mtima waulimi uja wawapeza. Atenga sipuni ndi mbewu za mpiru, ayamba kukumba. Posakhalitsa afukula chule ali gwaa, maso otseka. Amvekere, "Chafa ichi," ulendo wokataya panja, sinowo, chipale chofewa chija, ali mbuu!

Tadala wawatsekereza pakhomo misozi ili chuchuchu. Mwana woyankha m'Chingerezi uja, lero Chichewa chatuluka: "Agogo ayi, wangogona!" Chuleyo tamukwiriranso bwinobwino, ali moyo.

Panopa Amayi akung'ung'udza: "Dothi lachonde chonchi muzigona chule, ine ndikugula masamba ku sitolo?"

Nanga abale mukuti bwanji, tiwagulire dothi lawolawo kapena tingobisa masipuni onse?