Galimoto ya Abambo ndi Lichero la Amayi

Ndikukumbukira mlungu umene ndinkakonzekera kukayamba sekondale, kwathu ku Mtakataka. Ndinasankhidwa kupita kusukulu ya atsikana yogonera komweko, kumtunda ku Dedza. Titangotuluka m'tchalitchi, abambo analengeza anthu onse akumva kuti mwana wa mphunzitsi sangakafike ku sekondale atapanikizana ndi madengu a usipa m'minibasi, adzandiperekeza okha pagalimoto yawo. Ine ndinaitenga nkhaniyo n'kuyenda nayo khomo ndi khomo. Panalibe mnzanga amene sanaimve, ndipo amene ndinkadana nawo ndinawauza kawiri.

Galimotoyo abambo anaigula kwa mkulu wina amene nayenso anaigula kwa mkulu wina. Mita yake yowerenga mtunda inazungulira mpaka kutopa n'kuima, moti palibe ankadziwa kuti yayenda dziko lalikulu bwanji. Ana a m'mudzi anaitcha Kankhani, chifukwa ndiwo mawu amene abambo ankayamba kulankhula akangogwira chiwongolero. Inkatsokomola, inkafuka utsi wakuda, ndipo mpunga umene amayi ankavutika nawo m'matope a ku Bwanje unkathera kukhosi kwake.

A Lufeyo, makaniko wa pa Golomoti, anaimvetsera ikulira n'kunena kuti ikufunika sevisi yeniyeni, makamaka mabuleki, isanayerekeze kukwera Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wokwera phiri. Atatchula mtengo, abambo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati munthu amene anathawa sukulu ali Sitandade 4 sangawadyere ndalama pa ntchito yongomasula ndi kumanga mabawuti. Iwo anali ataphunzitsa sayansi zaka zambirimbiri, komanso anali ndi buku la zagalimoto, lachingerezi, lopanda chikuto. Zoti bukulo linali la galimoto ya mtundu wina, anati imeneyo ndi nkhani yaing'ono, injini ndi injini.

Loweruka m'mawa abambo anaikankhitsa galimotoyo mpaka pansi pa mtengo wa mango, n'kupinda malaya. Oilo wakale, wakuda bii, anamukhuthulira m'beseni losambitsira mbale. Mapulagi oyatsira moto mu injini anawapala ndi sandipepa mpaka kung'anima. Sefa ya mpweya anaimenyetsa pamtengo monga timakunthira mphasa, fumbi lake n'kuwayetsemulitsa. Kunena chilungamo, zonsezi zinayenda bwino, ndipo akanalekera pomwepo bwenzi lero ndikusimba zina. Koma anthu anali atasonkhana, ena atabwera ndi mipando yawo, ndipo mphunzitsi akapeza omvera saweruka msanga.

Choncho anatsegula kabureta, akufotokozera khamulo kuti umu ndi mmene petulo amakumana ndi mpweya. Munatuluka tinthu ting'onoting'ono: timasipuling'i, timabawuti, tina tosadziwika ndi dzina lomwe. Posowa poika, analowa kukhitchini n'kutenga lichero la amayi. Kachitsulo kalikonse anakatsuka ndi petulo ndi mswachi wanga watsopano, wogulira kusekondale, n'kukayala bwinobwino m'licheromo.

Amayi anafika masana kuchokera kuchigayo, thumba la mpunga lili pamutu. Anayang'ana beseni lawo. Anayang'ana lichero lawo likununkha petulo. Sanakalipe, ndipo kwathu tonse tinkadziwa kuti amayi akapanda kukalipa ndiye kuti zinthu zaipa.

"Bambo a Tereza, mabuleki aja mwawaona?" anafunsa mofatsa.

"Mayi, galimoto ikamakwera phiri sifuna mabuleki," abambo anayankha, akuyang'ana anthu kuti aone amene wagoma.

"Nanga ikatsamwa pakati pa phiri?"

Abambo anati zimenezo ndi za sayansi, azisiyire eni ake. Amayi anakhuthulira tizitsulo tija pachiguduli, n'kutenga lichero lawo kukapeta mpunga kuseri kwa nyumba.

Pobwezeretsa zinthu m'malo mwake, panapezeka kuti kabawuti kamodzi kasowa, kamkuwa, kochepa ngati njere ya nandolo, koboola pakati. Abambo anati popanda iko galimoto singadzuke. Tinagwada tonse mumchenga wotentha. Tinasefa dothi la pansi pa mango ndi sefa ya ufa. Tinapapasa m'thumba la mpunga, amayi akutithandiza mwakhama. Kenako abambo anakumbukira kuti tambala wathu wofiira ankazungulirazungulira pamalopo, ndipo mlandu wake sunatenge nthawi. Anaphedwa tsiku lomwelo. M'nthutumba yake munapezeka timiyala tokhatokha, koma abambo anaidyabe, poti nthutumba ndi ya mwini khomo.

Lamlungu anayesa kutseka bowolo ndi kabawuti ka wailesi yakufa. Anyamata a m'mudzi anakankha Kankhani kuchoka kunyumba mpaka kunjanji, n'kubwerera nayo, thukuta lili kamukamu. Sinatsokomole n'komwe. Anatumiza uthenga kwa a Lufeyo, ndipo yankho linabwera lakuti iwo anathawa sukulu, aphunzitsi afunse buku lija. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula, koma phula limeneli ndinadya ndine.

Lolemba ndinakwera minibasi ndi amayi, sutikesi pamiyendo, dengu la usipa likundikanda m'nthiti. Anzanga onse anabwera pasiteji kudzatsanzika, makamaka aja ndinawauza kawiri, aliyense akufunsa mwaulemu ngati galimoto yatsogola. Ndinalira kuyambira pa Golomoti mpaka pamwamba pa phiri. Amayi sanandinyengerere. Ankangoyang'ana maphompho a m'mbali mwa msewu, korona ili m'manja. Abambo ndinawakwiyira teremu yonse, ndipo kalata zanga zonse ndinkalembera amayi okha.

Kankhani sinadzukenso. Matayala anaphwa, nkhuku zinayamba kuikira pampando wakumbuyo, ndipo aka kanali koyamba kuti galimotoyo ibweretse phindu pakhomo. Abambo anamwalira akunenabe kuti ntchito anaigwira bwino, kungoti wina wansanje anawalodza.

Patsiku la chilangizo changa, anamkungwi atamaliza zawo, amayi anandiitanira kuchipinda. Anatsegula kachitini kamene ankasungamo korona yawo, n'kundiika m'manja kansalu komangamanga. M'kati mwake munali kabawuti kamkuwa, koboola pakati.

"Kanakodwa m'lichero," anatero. "Ndinakaona tsiku lomwe lija."

"Amayi, ndiye munangotisiya tikusefa mchenga? Ine kuchita manyazi pasiteji, tambala n'kufa wosalakwa?"

"Manyazi amatha, mwanawe. Tambala amagulidwa wina. Iwe ndikanakakutola kuphompho liti?"

Zaka zonse zija ndinkaimba mlandu abambo, osadziwa kuti mfiti yawo inkagona nawo nyumba imodzi, n'kumawapatsa madzi osamba m'mawa uliwonse.

Masiku ano zinthu zinasintha. Galimoto zambiri zilibenso kabureta, ndipo buku lopanda chikuto linalowedwa m'malo ndi foni, mmene munthu amaonera mzungu akumasula injini kwa mphindi zisanu n'kudzimva kuti wakhwima. Koma amuna sanasinthe. Nafenso tili ndi galimoto yathu yotopa, ndipo mlungu wamawa mwana wathu wamkazi akukayamba sekondale kumtunda komwe kuja. Amuna anga anena kale kuti amakaniko onse ndi akuba, Loweruka likubwerali achita okha sevisi, mabuleki adzawaona pobwera. Ine sindinatsutse. Ndangowauza kuti akasowa poika tizitsulo tating'ono, lichero lili kukhitchini.