Thumba la Zidutswa la a Telala

Anthu a mumsewu uja sanaleke kuwatchula kuti a Telala, ngakhale makina awo osokera anali atagona pakona zaka zambiri, atafunditsidwa chinsalu. Maso atayamba kukana kulowetsa ulusi pa singano, mlamu wawo wojambula makanema ndi amene anawakoka dzanja.

"Kulumikiza kanema ndi kusoka komwe, alamu. Mudula apa, mulunzanitsa apo. Kusiyana kwake n'kwakuti simudzibaya chala."

Anaphunzira mwapang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, koma anaphunzira. Kompyuta anaiika pa tebulo lomwe ankadulirapo nsalu, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya mafoni, ndipo tepi yoyezera sinachoke m'khosi mwawo.

Khalidwe limodzi la utelala linawatsatira: sankataya chidutswa. Kale anali ndi chithumba cha zidutswa za nsalu chimene akazi awo ankachida chifukwa cha mphemvu. Tsopano pulogalamu yolumikizira makanema inkawapangira timakope topepuka ta kanema aliyense, tosaoneka bwino kwenikweni, kuti kompyuta yawo yokalambayo isamapume wefuwefu. Ena ntchito ikatha amatifufuta. Iwo ankatikokera m'kadisiki kawo ka m'dirowa, n'kumati ndi thumba lawo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Mlamuyo akajambula, ankaika mafayilo m'nkhokwe ya pa intaneti, ija achinyamata amati kilaudi, ali kunyumba kwake. A Telala ankawapeza m'foda yomweyo ali kushopu. Foda inali imodzi, zitseko ziwiri.

Tsono kunabwera Anamwino a pachipatala chapafupi. Mayi awo anajambulidwa ndi mlamu uja tsiku limene zidzukulu zinadzawaona, ndipo sipanapite nthawi, anatsikira kulichete. Abale anapangana kuonera kanemayo pamodzi Loweruka, asanabalalike. Anamwino anapempha chinthu chimodzi: pasasowe pamene mayiwo ankaimbira khanda kanyimbo kogonetsa. Malo amenewo anajambulika mwangozi, mlamu ataika kamera pa tebulo osaizimitsa. Chithunzi chinali chopendekeka, theka lake kapu ya tiyi.

Lachisanu m'mawa a Telala atatsegula ntchitoyo, anapeza sikirini yonse ili psuu, kufiira. Pulogalamu inkati mafayilo sakupezeka.

Sanapupulume. Anayang'ana intaneti, inalipo. Anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, kufiira kuli pomwepo. Atasuzumira m'foda, anaona kachizindikiro ka mtambo pambali pa fayilo iliyonse, kusonyeza kuti pa kompyuta pawo panatsala mayina okha, katundu ali kutali. Komanso mayinawo sanali aja a dzulo. Pamene panali manambala a kamera, tsopano panalembedwa kuti "Agogo pakhonde", "Ana akusewera". Anaimba foni.

"Alamu, mwalowa m'foda muja?"

"Ndangosesamo pang'ono. Munali ngati m'chipinda cha mbeta yaimuna, alamu. Mundithokoze."

"Ndikuthokozani mukafika. Bwerani ndi laputopu yanuyo."

Podikira, anatsitsa mafayilo onse n'kuuza kompyuta kuti iziwasunga pomwepo. Kenaka anayamba kulozera pulogalamu fayilo iliyonse ndi dzina lake latsopano, ngati munthu wobwezera mabatani pa malaya. Kufiira kunayamba kuchoka. Kunatsala pamalo amodzi, pakati penipeni, pa kanyimbo paja.

Mlamu analowa akupukuta thukuta, naweramira pa sikirini.

"Aa, imeneyo? Yopendekeka ija? Ndafufuta. Ingandichititse manyazi, anthu azidzati wojambula anali ataledzera. Koma ndafufuta kwanga kokha, kwanu sindinakhudze."

"Kwanu n'kuti, kwanga n'kuti? Mukatulutsa mpando pa khomo lakumaso, wolowera kuseri aupeza?"

Mlamu anakhala pansi. A Telala anatsegula bini ya pa kilaudi, mmene zofufutidwa zimayamba zadikira. Munali mbee.

"Ndi bini yomwe mwakhuthula?"

"Malo anali atadzaza, alamu."

"Nanga khadi la m'kamera?"

"Ndajambulirapo mpira wa ana asukulu."

"Mlongo wanga anakwatiwa ndi tsache," anatero a Telala, osakweza mawu.

Mlamu anayamba kupereka nzeru. Aikepo chithunzi cha mayiwo ndi nyimbo ina yofatsa, mwina Anamwino sadzazindikira. A Telala anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka anasiya yekha. Kenaka anakoka dirowa, nakankhira pambali choko ndi sizasi, natulutsa kadisiki kaja.

Kakope kopepuka kanalimo. Ataikapo, nkhope ya mayiwo inaoneka mwachimbuuzi, ngati munthu woonekera pa windo la nthunzi, ndipo kapu ija inali itasanduka chibuluma choyera. Koma mawu anali athunthu, onjenjemera pang'ono, ndi kakhosomole kapakati, ndi kuseka kwawo khanda litayetsemula.

"Pa sikirini yaikulu zidzaoneka zoipa," anatero mlamu.

"Chigamba sachibisa, amachisoka bwino."

Anachepetsa chithunzicho kuti chikhale pakati, m'mbali mwake mwakuda, kuti kusaoneka bwinoko kusakule. Kupendekeka anakusiya momwemo. Masana anaitana Anamwino kuti adzaone okha, ndipo asanayatse anawauza zonse mmene zinayendera, osatchula wolakwa. Mlamu anadzitchula yekha, maso ali pansi.

Anamwino anaonera ataimirira, chikwama chili m'manja. Kanyimbo katatha, anakhala pa mpando wa makina osokera.

"Bwezanipo, bambo."

Anabwezapo. Anamwino anavula magalasi awo, nawapukuta ndi nsonga ya yunifolomu, osawavalanso.

"Ndikavula awa, ndi mmene ndinkawaonera m'mawa uliwonse. Musakonzenso china. Ndi kapuyo yomwe isiyeni, inali yawo."

Loweruka abale anaonera, ndipo akuti anabwereza malo omwewo mpaka ana analoweza kanyimboko.

Kuchokera tsiku limenelo a Telala sanadulenso kanema ali pa kilaudi. Mafayilo akafika, ankayamba awakopera pa disiki yawo, ndipo ntchito inkayambira pamenepo. Ankati nsalu saidula ili pa chingwe, mphepo ikuikupiza. A Telala anamulola mlamu kusesa foda yake mmene angafunire, koma ntchito ikaperekedwa kwa eni ake. Khirisimasi isanafike, mlamuyo anabwera ndi disiki yatsopano, yaikulu, naiika pa tebulo. A Telala anaitembenuza uku ndi uku, natenga choko, nalembapo kuti "thumba".