Mafunso a pa Nazale

Anzanga, ndinakumana ndi mtsikana wina pa nazale ya mitengo pamene ndinkagwira ntchito yothira dothi m'machubu. Masiku amenewo msana unali udakali wanga, imvi zisanandipeze.

Anabwera m'mawa wina atakumbatira kope lalikulu, n'kukhala pa wilibala yanga.

"Achemwali, mwakhalira ofesi yangatu," ndinatero.

"Pepani abwana. Kwa azakhali kuli ana asanu ndi wailesi, mutu sukugwira. Ndingawerengereko pamthunzi pano?"

Ankakonzekera mayeso olowera ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ofuna anali mazanamazana, malo ochepa. Mayesowo ankafunsa zimene zikuchitika m'dziko: chilala cha chaka chimenecho, mbewu zatsopano zocha msanga, kutha kwa nkhalango, zimene asayansi atulukira. Ndiye iye ankadula nkhani m'manyuzipepala n'kumamata m'kope muja. Chamumtima sankatha kuwerenga. Ankawerenga mokweza ngati akulalikira mbande.

Ine manja m'dothi, makutu kwa iye. Mutu wanga nthawi imeneyo sunkataya kanthu.

Tsiku lina anandiponyera kope lija.

"A Nazale, tandifunsani mafunso."

Apa ndiye panali nkhani, anzanga. Ine kusukulu sindinapondeko. Ngakhale dzina langa papepala ndikanalidutsa ngati mlendo. Koma kumuuza mtsikana wophunzira chonchi... sindikanatha.

Ndinatsegula. Ndinaona chithunzi cha mtsinje wouma, ndipo ndinakumbukira zonse zimene anawerenga dzana ali patsamba lomwelo.

"Tchulani zinthu zitatu zimene zimaumitsa mitsinje."

Anatchula ziwiri.

"Chachitatu, a Mlangizi? Kulima m'mphepete mwa mtsinje mwasiyira ndani?"

"Koma inu ndinu aphunzitsi ankhanza!"

Basi, njira yanga inakhala imeneyo. Tsamba la ng'ombe yowonda, mafunso a chilala. Tsamba la utsi wa fakitale, mafunso a mpweya umene ukutenthetsa dziko. Likakhala lopanda chithunzi, ndinkati, "Manja ali ndi matope, yambani mwawerenga nokha." Akamaliza ndinkadinda chala chamatope pakona, kuti mawa ndidzalizindikire.

Nanenso ndinamupatsako zanga. Ndinamuonetsa kuviika njere zolimba khungu m'madzi otentha kuti zimere msanga, ndi kudula mizu yotulukira pansi pa chubu. Iye ankalemba, lilime lili pakona pa mlomo.

Mwezi wachiwiri anayamba kubwera ndi makapu awiri a tiyi. A kapitawo akamadutsa ankatsokomola dala.

"Chaka chino ngakhale mbande zikhoza mayeso," ankatero. "Koma machubu anga adzaze, mwamva iwe wa ndevu?"

Tsiku lina anandipukuta dothi pachipumi ndi mpango wake, ndipo dzanja linachedwa kuchokapo. Kuyambira pamenepo ndinkamuperekeza mpaka pakona pa mpanda wa azakhali ake. Ulendo waufupi, koma ife tinkaukoka ngati ndi wa tsiku lonse.

"Mukanalemba mayesowa, bwenzi mutandiposa," anandiuza tili panjira. "Bwanji osalembetsa?"

Mpata unali umenewo.

"Mbande ndisiyire ndani?" ndinayankha, tonse n'kuseka.

Anakhoza, anzanga. Za kuviika njere zija anamufunsa ndithu pa inteviyu. Anamuitana kusukulu ya alangizi, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

Anabwera kudzatsanzika Lachiwiri, koma tsiku limenelo kunali alendo odzagula mbande ndipo a kapitawo anali pamsana panga. Anangondilowetsa kalata m'thumba la malaya.

"Pakamwa sindingathe, ndili ndi manyazi. Muwerenge nokha, musapatse munthu. Ndinyamuka Lachisanu m'mawa."

Ndinaitsegula kuseri kwa thanki ya madzi. Mizere isanu ndi umodzi, chithunzi palibe.

Kupatsa munthu, anandiletsa. Kupita kwa iye, ndiye kuti ndiulule bodza la miyezi inayi. Kawiri konse ndinafika pakona pa mpanda paja, kawiri konse ndinabwerera. Kenaka ndinadzinamiza ndekha kuti ndi kalata yondisiya. Mlangizi angatani naye wothira dothi?

Lachisanu ndinapita kudepoti kuti ndikangomuona komaliza. Ndinaima kuseri kwa golosale. Anali atakhalira sutikesi yake, akuyang'ana uku ndi uku. Basi yoyamba inadzaza, sanakwere. Yachiwiri inapita, sanakwerenso. Ine n'kumati akudikira azakhali ake. Yachitatu kondakitala anachita kumukalipira, ndipo anakwera akupukuta m'maso.

Sanalembenso. Kumene ali lero sindikudziwa.

Ndinakwatira, ndinalera ana, mayi wawo anatsogola. Nditapuma ntchito ndinalowa sukulu ya akuluakulu, kukhala pabenchi ndi agogo anzanga, pensulo ikuterera m'zala. Chaka chachiwiri ndinatulutsa kalata ija m'chitini cha njere. Inanditengera m'mawa wonse, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse.

"A Nazale anga. Kusukulu kumene ndikupita akufuna munthu wosamalira nazale, ndipo ndawauza kale za inu. Ngati mtima wanu uli ngati wanga, mubwere kudepoti Lachisanu tikwere limodzi. Mukapanda kubwera ndidzamva, sindidzakuvutitsaninso."

Ndinabwera, anzanga. Ndinali pomwepo, kalata ili pachifuwa, mtunda woti n'kumuitana ndi mluzu.

Iye sanandinamizepo ngakhale kamodzi. Ndine amene ndinaganiza kuti mtsikana wokhala nane m'matope miyezi inayi angandiseke chifukwa cha zilembo. Inu amene mudakali ndi nthawi, chimene simutha muuzeni wokondedwa wanu akadali pafupi. Ine mawu atatu okha anandikanika: sindidziwa kuwerenga, achemwali.