M'dengu la Nkhanga ndi Apongozi

Pa Petauke pano alipo anthu amene mpaka lelo akandiona ndikudutsa pamsika amayamba kulila ngati nkhanga, anzawo n'kumaseka chobisa kukamwa. Ndimangoyang'ana kutsogolo ngati gonthi. Munthu wa imvi ngati ine, wogulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo, kuchitidwa chipongwe ndi okankha mawilibala! Zonsezi zinayamba pa Khilisimasi ina, chaka chimene apongozi anga aakazi anabwela kudzacheza kwathu koyamba.

Makolo anga anachokela ku Katete, koma mkazi ndinakakwatila kwa Mwape, ku Nyimba. Kumeneko ulemu wa pachipongozi si nkhambakamwa. Chikwatilile ndinali ndisanadyepo pamodzi ndi amai ake a mkazi wanga, kukhala nawo pamphasa imodzi ayi, kuwayang'ana m'maso ndiye usanene. Tikakumana m'kanjila, mmodzi ankapatukila kutchile. Ndikafuna kuwapatsa kanthu ndinkaika pansi, iwo n'kutola. Kulankhulana tinkadzela mwa munthu wina, ngakhale khanda loyamwa. Iwo ankati, “Iwe, uwauze atate ako kuti madzi osamba ali kuseli.” Ine n'kuyankha kwa khanda lomwelo, “Uwauze ambuya ako kuti zikomo.” Khandalo lili phee, likuyamwa chala.

Apongozi aamuna atamwalila, amai aja anatsala okha, kenako anawapeza ndi matenda a shuga. Mankhwala ankatenga kutali, ndipo mvula ikagwa msewu wa kwawo umasanduka phala. Mkazi wanga ankangolila. Ankafuna kuti amai ake adzakhale nafe, kufupi ndi chipatala. Koma iwo anakana kwamtuwagalu. Anati, “Nyumba za m'tauni zili ndi njila imodzi, chimbudzi chimodzi, m'kati momwemo. Ndizigundana ndi akamwini pakhomo la chimbudzi? Bola ndifele kuno.”

Titawachondelela kwambili anavomela kubwela pa Khilisimasi, ati kudzangoona. Ine ndinadziwa kuti amenewa ndi mayeso anga. Akaona kuti ulemu ungasungike m'nyumba mwanga, akhala. Akaona kuti sungasungike, abwelela kukafela kumudzi. Choncho ndinakumba chimbudzi changa kuseli. Ndinkadyela pansi pa mtengo wa mango, ngakhale kukuwaza. Ndisanalowe m'nyumba ndinkatsokomola mwamphamvu kuti adziwe, mpaka aneba anafunsa mkazi wanga ngati ndinakapimitsa chifuwa. Zinthu zinkayenda. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti amai ayamba kufunsa ngati kuseli kwa nyumba kungamele chibwabwa.

Anaononga zinthu ndi ana. Tinali nawo awili, mtsikana amene anali pafupi kumaliza pulaimale, ndi kamnyamata ka zaka zinayi. Chaka chimenecho munthu wina anatsegula malo osewelela ana kuloji yake, kunja kwa tauni, m'mbali mwa msewu waukulu. Ana onse a m'komboni ankangokamba za nyama za kumeneko. Anga anandiumiliza mpaka ndinagonja, ndipo pa tsiku la Khilisimasi titaweluka kutchalitchi tinapita tonse. Ine ndinatchena buluku latsopano, lakhaki loyelela, losita mpaka mzele wake ungakucheke chala. Apongozi anavala chitenje chakuda cha maluwa ofiila, china anakoloweka paphewa.

Pachipata panali njovu ya simenti. M'kati munali mkango wa simenti wooneka ngati galu wodwala, ng'ona yeniyeni yogona m'kadziwe kobiliwila, akamba, ndi anyani m'khola la waya. Apongozi anaima pa anyanipo nthawi yaitali, kenako anauza mdzukulu wawo kuti, “Uwauze atate ako kuti awa ndi amene anandimalizila chimanga chaka chatha. Kuno akudya nthochi zosendeledwa.” Ndinaseka nditayang'ana kumbali. Mumtima ndinati, nkhalamba yasangalala, basi yakhala.

Kumapeto kwa bwalo kunali chigudumu chachitsulo, chachitali kuposa mtengo wa mango, choyenda ndi magetsi. Chinali ndi madengu okhalamo anthu awiliawili, lililonse lili ndi mutu wa mbalame kutsogolo. Panali kakowa, nkhunda, nkhanga, ndi kadzidzi. Dengu la kadzidzi linkazungulila lopanda munthu, palibe ankafuna kulowamo. Kamnyamata kanga kanakoka ambuya ake mpaka kanawalowetsa m'dengu la nkhanga. Koma katangokhala pansi n'kuyang'ana kumwamba, kanayamba kukuwa kuti kakufuna kutsika. Ine ndinali pafupi. Ndinaponda mwendo umodzi m'dengumo, ndikuyang'ana kumbali mwaulemu, n'kukanyamula kukapatsa amake. Nthawi yomweyo chigudumu chinagwedezeka. Woyendetsa makinawo, munthu wa ku Lusaka amene za kuno sankazidziwa, anandikankha pamsana.

“Khalani pansi, bambo, muzagwa!”

Ndinagwela pampando. Anatseka chitsulo pamiyendo yathu, khatha! Mkazi wanga anakuwa, “Imani! Ndi apongozi ake!” Munthu uja anangoseka, nyimbo zili pokopoko, ife n'kumakwela.

Mayo ine! Mpando wake unali waung'ono. Phewa langa linagunda phewa lawo. Ndinadzipanikiza kumbali mpaka chitsulo chinandilowa m'nthiti, iwonso anadzipanikiza kumbali kwawo, koma matako a anthu akuluakulu awili sangasiyane m'kadengu kotelo. Ndinayang'ana kum'mawa, iwo kumadzulo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti tizungulila kangapo, titsika, ndikapepesa ndi nkhuku. Titafika pamwamba penipeni, nyimbo zinaduka, chigudumu chinalila ngati chitseko chakale, n'kuima, magetsi atathima. Pansi anthu anafuula onse pamodzi, “Malaiti ayenda!”

Tinatsala lende. Kuchokela pamenepo ndinkaona msewu wa ku Chipata, minda ya chimanga chanthete, mapili akutali, ndi Petauke yense atayang'ana kumwamba. Munthu wina wondidziwa anafuula, “Si apongozi awo aja?” Phwete la anthu! Wina anati, “Gwilanani, mungagwe!” Mafoni anatuluka m'matumba.

Panalibe mwana woti n'kudzelamo. Kenako ndinamva apongozi akutsokomola pang'ono, n'kulankhula kwa mutu wachitsulo uja unali patsogolo pathu.

“Nkhanga iwe, uwauze akamwini asamagwedezeke. Dengu likupendekeka.”

Ndinayankha, “Nkhanga, uwauze amai kuti pepani, ndaleka.”

“Uwafunse ngati chinthuchi chinagwetsapo munthu.”

“Uwauze kuti sichinagwetsepo.” Ndinanama, sindinkadziwa.

Dzuwa linali pamutu. Ndinafuulila woyendetsa uja kuti ayatse jeneleta. Anati mulibe mafuta, atuma munthu kutauni pa njinga. Ana a m'madengu enawo analila mpaka kutopa. Anthu pansi anagula zakumwa, ena anakhala paudzu kuti aonele bwino.

Patapita nthawi apongozi analankhulanso, koma mawu anali atasintha, ang'onoang'ono.

“Nkhanga, uwafunse ngati wa mafuta uja ali pafupi.”

Pamenepo ndinakumbukila zimene mkazi wanga anandiuza, kuti shuga amawamwetsa madzi kwambili ndipo amawatumiza kuseli pafupipafupi. Tsikulo kunatentha, anali atamwa botolo lonse. Ndinakuwa kwa munthu uja, ndinamutukwana mawu amene dikoni ngati ine sayenela kuwadziwa n'komwe. Anthu anangoseka, ati bambo aopa. Apongozi anayamba kupemphela chapansipansi m'Chinsenga, manja atagwila chitsulo, miyendo atapanikiza. Anapilila, ndikunena zoona, nkhalamba ija inapilila. Koma thupi lodwala silimva ulemu.

Ndinamva kufunda pantchafu. Mpando unali chitsulo chimodzi, ndipo unapendekela kwa ine popeza ndine wolemela. Zonse zinatsikila kwanga. Sindinasunthe. Apongozi anatenga chitenje cha paphewa chija n'kudziphimba kumutu, ndipo ndinamva phewa lawo likunjenjemela pa langa. Ankalila osatulutsa mawu. Mai amene anandibisila ngakhale kutafuna kwawo zaka zonsezo! Ndinasowa poyang'ana. Pomaliza ndinati, “Nkhanga, uwauze amai kuti ine sindinaone kanthu.”

Jeneleta italila, tinatsika pang'onopang'ono. Chitsulo chitatsegulidwa apongozi anatuluka msanga, n'kudzikulunga chitenje chachiwili chija m'chiuno. Chamkati chinali chakuda, sichinaonetse kanthu. Ine ndinaimilila ndi khaki wanga woyelela, wonyowa kuyambila kumatako mpaka kubondo.

Anayamba ndi mwana wanga yemwe, kamnyamata kaja, ndi mawu okweza ngati belu. “Amama, onani! Atate akodza!”

Sindinamvepo kuseka kotelo. Azimai anagwilana m'mapewa, wina anagwa pansi n'kumamenya udzu. Anyamata anayamba kulila ngati nkhanga. Mwana wanga wamkazi anali ndi anzake a kusukulu. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubisa nkhope m'manja.

Ine si munthu wosowa chonena. Pamsika amandidziwa, ukandiponyela limodzi ndimabweza atatu. Mawu anafika pakamwa penipeni: si ine! Lilime linali litanyamuka kale. Ndiye ndinaona mapazi a apongozi, atavala tinsapato tapulasitiki tatsopano timene mwana wawo anawagulila, akunjenjemela pafumbi. Mawu aja ndinawameza.

Ndinati, “Ee, ndinaopa. Kumwamba kuja si kwa munthu.”

Musaganize kuti ndinamva kukoma mumtima ngati munthu wochita zabwino. Ayi ndithu. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe. Kuchoka pachigudumu kukafika pa njovu ya simenti si patali, koma ndinayenda ngati ndikupita ku Katete wapansi, miyendo tang'a, buluku likumata, anthu akupatuka kuti andione bwino. Mwana wanga wamkazi anakana kuyenda pafupi nane. Titafika kunyumba mkazi wanga anangonditayila chidebe ndi sopo.

M'mawa mwake apongozi anamanga katundu. Anauza mwana wawo kuti munda ukufuna kupalila. Sanadzele mwa mdzukulu kunditsazika, anangotuluka ndili kuseli, n'kukakwela basi ya ku Nyimba. Mkazi wanga analila, n'kunditembenukila. “Mwaona? Munthu mwamukhalila pamodzi, mwamukhudza, n'kumukodzela pamaso pa anthu. Abwelanso pano?” Ndinangoti pepa. Zoona zake anadzazimva patapita zaka, amai ake atamuuza okha ali pafupi kutisiya, n'chifukwa chake lelo ndikutha kuzilemba.

Masabata otsatila anali owawa. Kavidiyo kanayenda m'mafoni mpaka kwa abale anga ku Katete. Alimi ankabwela kusitolo, kugula kapaketi ka mbewu ya lepu, n'kufunsa ndi nkhope yaulemu ngati buluku linauma. Kutchalitchi ndikaimilila kuwelenga mawu, kumbuyo kunkamveka kutsokomola. Mwana wanga wamkazi anamenyana ndi mnzake kusukulu chifukwa cha ine, ndipo atabwela sanafune kundiuza chimene anayambanilana. Chimenecho chinandipweteka kuposa zonse. Ndinkadzifunsa kuti ndapindulanji. Ulemu wanga wapita, nkhalamba nayonso yapita kukafela kumudzi, popeza tsopano singayelekeze n'komwe kuonana nane.

Chimanga chitafika m'mawondo, mkazi wanga anandituma kukasiya feteleza kwa amai ake. Sindinafune, koma ndikanakana bwanji? Ndinamanga thumba pa njinga yamoto n'kulimbana ndi matope a kwa Mwape mpaka ndinafika dzuwa litapendeka. Monga mwa nthawi zonse, ndinaima kumapeto kwa bwalo, n'kunjuta pansi pa nkhokwe, n'kuomba m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana woti ndidzelemo. Panalibe aliyense, nkhuku zokha.

Apongozi anatuluka m'nyumba. Anali ataonda. Ndinayembekeza kuti akhala patali pakhonde, chakumbali, monga kale. Koma anabwela molunjika, kudutsa bwalo lonse, mpaka ndinaona mapazi awo pafupi ndi anga. M'manja anali ndi kanthu kokulunga m'pepala. Ndinadikila kuti aike pansi nditole. Sanaike.

Anati, “Bambo, landilani.”

Kwa ine. Osadzela mwa mwana, osadzela mwa nkhuku. Ndinatambasula manja onse awili, iwo n'kuikamo. Linali buluku la pasalaula, lovalidwapo kale koma lochapa bwino, lopinda mosamala.

“Lakuda limenelo,” anatelo. “Silionetsa.”

Ndinangowelama, misozi ikugwela pabulukupo, munthu wamkulu. Iwo anaima pomwepo mpaka ndinamaliza.

Kenako anati, “Feteleza mupatse mlongo wanga, ndiye adzalima. Katundu wanga ndamanga kale, ali m'nyumba. Lowani mukanyamule.”